Mbiri ya siteshoni ya Chiromo isatayike

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za siteshoni ya sitima ya ku Chiromo, yomwe achinyamata ambiri sadziwa n'komwe kuti inali khomo la dziko lino. Pamalopa, pomwe Ruo amathira mu Shire, panali doko la sitima zapamadzi zochokera ku Zambezi. Madzi a Shire atayamba kuchepa, kampani ya Shire Highlands Railway inamanga njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, kudutsa pa Chiromo mpaka kufika ku Blantyre mu 1908. Mlatho wa njanji wa Dona Ana, wa pamtsinje wa Zambezi ku Mozambique, utatsegulidwa mu 1935, tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ankadzera pomwepa popita ku Beira.

Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, kenako madzi osefukira a mu 1997 anadula njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula. Zimandiwawa kwambiri.

Agogo athu omwe ankagwira ntchito pasiteshoniyi akutha mmodzimmodzi. Ndikupempha nthambi ya boma yosunga zinthu zakale kuti ipite ikajambule mawu awo akadali moyo, ndipo sukulu za m'chigwa cha Shire ziziphunzitsa mbiriyi.

Wowerenga wanu,
ku Bangula