Loweruka Lino Tidzaonera Charlie Chaplin

Mamembala nonse okonda mafilimu,

Loweruka lino 2 koloko masana tikumane pa holo yathu ija kudzaonera The Gold Rush, filimu ya Charlie Chaplin ya 1925. Osewera sayankhula, ndiye za Chingerezi musade nazo nkhawa.

Bamboyu anabadwira ku London mu 1889 mu umphawi wadzaoneni, moti ali ndi zaka 7 anamutumiza kunyumba yosungirako amphawi. Mukadzamuona mu filimuyi akuphika nsapato yake n'kuidya, zingwe akuzipota pa foloko ngati supageti, mudzaseka mtima ukuwawa. Njala ankaidziwa bwino. Iye anayamba kusewera m'mafilimu mu 1914 ku America, ndipo anamwalirira ku Switzerland mu 1977.

Ikatha filimu tidzakambirana za moyo wake. Bwerani ndi ana, koma chonde fulumirani, mipando ndi yochepa.