Pempho kwa a Rotary, a Lions ndi onse akufuna kwabwino: pasukulu pathu palibe madzi

Ife a komiti ya makolo ndi aphunzitsi pasukulu ya pulaimale ya kumudzi kwathu, kunja kwa mzinda wa Chipata, talemba kalatayi mogwirizana ndi anyakwawa a midzi imene ana ake amaphunzira pano. Tikulembera mamembala a mabungwe othandiza anthu a Rotary ndi Lions, amalonda a m'tauni, mipingo, ndiponso ana a kuno amene muli ku Lusaka ndi ku Migodi. Tagwira mwendo, akuluakulu. Mjigo wa pasukulu unafa, ndipo zimbudzi zatichepera.

Mjigowo sunafe mwadzidzidzi. Poyamba madzi ankatuluka ofiira ngati tiyi, kenako chogwirira chinangopepuka, ana n'kumapopa mphepo yokhayokha. Wokonza mijigo wa m'dera lino atasolola mapaipi n'kuwayala pa udzu, tinaona tokha: dzimbiri linali litawadya, ena obooka moti chala chimalowa. Iye anatiuza kuti pansipo madzi alipo, sitikufunika kukumba kwina. Chofunika ndi mapaipi osachita dzimbiri, ndodo zake, silinda yatsopano, ndi kuwakanso simenti pozungulira kuti madzi otayika asamabwerere m'chitsime.

Pakadali pano mwana aliyense amabwera ndi kachigubu kake m'mawa. Ena amatunga pazitsime za kudambo, pomwe ng'ombe zimamweranso, ndipo ikafika October zitsimezo zimangotsala matope. Chichokereni 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu, ana achuluka kwambiri. Ife tikuthokoza, chifukwa ana amene ankangoweta mbuzi tsopano ali m'kalasi. Koma zimbudzi zikadali zomwe zija. Pa nthawi yopuma mzere umatalika, ang'onoang'ono amalephera kupirira n'kuthawira kuseri kwa tchire. Amayi a m'komiti muno ndiwo anatitsegula maso pa za atsikana osinkhuka: akakhala kumwezi ambiri sabwera n'komwe, chifukwa palibe madzi, palibe chitseko, palibe posinthira. Mtsikana akajomba mwezi ndi mwezi, mayeso a Grade 7 amamupeza ali m'mbuyo, ndipo enafe taona kumene njira imeneyo imathera.

Sitinaiwale za kolera. Mu January 2024 sukulu zonse za m'Zambia zinakhala zotseka mpaka pa 12 February chifukwa cha matendawa, ndipo ku Lusaka odwala ankagonekedwa m'bwalo la mpira la Heroes. Kolera amayenda ndi madzi oipa ndi manja osasamba. Mvula ikagwa pamalo pamene anthu amapita kutchire, zonsezo zimakokolokera kudambo komwe timatunga. Aphunzitsi amaphunzitsa ana kusamba m'manja ndi sopo, koma asambe ndi chiyani?

Mwina mufunsa chifukwa chake tayamba ndi a Rotary. Bungweli linayambira ku Chicago m'chaka cha 1905, pamene loya wina, Paul Harris, anayamba kukumana ndi anzake atatu. Imodzi mwa ntchito zoyambirira zimene kalabuyo inachitira anthu a mumzindawo inali yolimbikitsa kuti pamangidwe zimbudzi za anthu onse. Titamva zimenezi pamsonkhano wathu tinalimba mtima. Kupempha chimbudzi kumachititsa manyazi, koma kwa inu si nkhani yachilendo.

Ntchito yanu ina tinaiona pa zala za ana athu. Kuyambira 1985 a Rotary akhala akuthandiza kulimbana ndi poliyo pa dziko lonse, mpaka mu 2020 Africa inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo wa m'chilengedwe. Koma mu February 2022 kunamveka kuti mwana wapezeka naye ku Lilongwe. Kwa ife a kuno Lilongwe si kutali, abale athu amadutsa pa Mwami tsiku ndi tsiku, ena kukagula, ena kumaliro. Otemera anayenda khomo ndi khomo, kudontheza timadontho tiwiri m'kamwa mwa mwana n'kumupaka inki pa kachala. Amayi a m'midzi yathu anatulutsa ana awo, ndipo anyakwawa anathandiza kumema anthu. Tikudziwanso za ntchito yolimbana ndi malungo imene inayamba mu 2021 m'zigawo za Central ndi Muchinga, momwe a Rotary, a World Vision ndi a Gates Foundation anasonkha madola 6 miliyoni kuti aphunzitse anthu 2,500 a m'midzi kuyeza ndi kupereka mankhwala. Chomwe chinatikhudza pamenepo n'chakuti ophunzitsidwawo anali anthu a m'midzi momwemo. Nafenso tikufuna zotero: anthu awiri a kuno, mmodzi akhale mayi, aphunzitsidwe kukonza mjigo, kuti ukadzavuta tisadzalembenso kalata ngati ino.

Sitinangokhala manja lende. Njerwa tinaumba ndipo uvuni tinawotcha kale. Mchenga ndi miyala tatuta pa ngolo, zili pabwalo la sukulu. Maenje tikumba tokha, ndipo amisiri omanga tili nawo m'mudzi. Banja lililonse likagulitsa nshawa kapena soya limaponya kangachepe m'thumba lokonzera mjigo. Pempho lina tinapereka ku CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, kudzera ku komiti ya wodi, ndipo tikudziwa kuti opempha kumeneko ndi ambiri. Zimene zatikanika ndi zogula kusitolo: zida za mjigo zija, simenti, malata, zitseko, mapaipi otulutsa mpweya m'zimbudzi, ndi thanki yaing'ono yosambira m'manja. Ku zimbudzi za atsikana tikufuna kachipinda kamodzi kokhoma, kokhala ndi madzi.

Kwa a Lions, amene mwadziwika ndi ntchito ya maso kuyambira 1925, pempho lathu ndi lalifupi. Tili ndi ana amene amatsinzina poyang'ana pabolodi ngakhale akhale kutsogolo, ndi agogo a ng'ala amene sangakwanitse ulendo wa kuchipatala. Mukadzakonza zoyeza maso m'midzi, bwalo la sukulu yathu lilipo.

Ndalama m'manja sitikuzifuna. Wofuna kuthandiza agule yekha katunduyo, kaya ndi thumba limodzi la simenti, ife tidzabwera ndi ngolo kudzatengera pamsewu. Chilichonse cholandiridwa chidzalembedwa m'buku, ndipo mlembi adzachiwerenga pamsonkhano wa makolo, anyakwawa ali pomwepo. Wofuna kuona kaye ndi maso ake afikire kwa aphunzitsi aakulu tsiku lililonse la sukulu, adzamuonetsa mapaipi obookawo ndi malo amene tayeza. Chonde bwerani mvula isanayambe mu November, chifukwa ikangogwa maenje amagumuka ndipo galimoto silifika kuno.