Makina akana nkhope ya mayi anga, tikadandaule kwa yani?

A Mkonzi,

Ndikulemba mtima uli phuphuphu. Lachiwiri lapitali mayi anga anapita kwa ejenti pamsika wa Ulongwe kukatapa ndalama zawo za mbatata yakachewere, kufika apo akuti akaunti yatsekedwa, mujambule nkhope pafoni kuti titsimikize kuti ndinu. Anajambula kanayi, pamthunzi, padzuwa, mpaka anavula duku pagulu la anthu mayi wa zaka 67, makina aja kumangoti nkhope siyikufanana ndi ya pa chiphaso chawo cha BI. Munthu sakalamba kodi? Ejenti anangotambasula manja kuti si ine mayi, ndi sistemu. Kuimba kukampaniko akuyankha ndi kachiroboti kobwereza Chipwitikizi chomwecho, mapeto ake akuti pitani ku Tete. Makilomita opitirira 200 pa chapa, pomwe ndalama yokwerera ili mu akaunti yotsekedwayo! Anzawo athira kale feteleza, chimanga cha mayi chikuchita chikasu ife tikuona.

Asatinamize kuti vutoli sakulidziwa. Mu 2018 a Joy Buolamwini a ku yunivesite ya MIT ku America anayesa makina a AI (nzeru zopangidwa pakompyuta) owerenga nkhope kuti adziwe ngati munthu ndi wamwamuna kapena wamkazi, pa akazi akuda amalakwitsa mpaka kupitirira 34 peresenti pomwe pa azungu aamuna osafika ndi 1 yomwe, mwina chifukwa zithunzi zomwe anawaphunzitsira zambiri zinali za azungu. Ndiye mukatenge chinthu chotero n'kuchiika pakati pa mlimi wa ku Angónia ndi ndalama zake popanda munthu woyang'anira?

Ku Ulaya lamulo lawo la AI linayamba mu 2024, chaka chomwecho African Union inavomereza ndondomeko yake ku Accra, ya UNESCO ndi ya 2021 ndipo Mozambique ndi membala. Kuno kumudzi zimenezi sizikutifika, monga momwe magetsi a ku Cahora Bassa amatidutsira pamutu kupita ku South Africa ife tikulipira kuti titchajitse foni pagolosale, netiweki nayo mpaka ukwere pachulu.

A Banco de Moçambique ndi a INCM oyang'anira za mafoni, chonde lamulani kuti makina asamatseke okha akaunti ya munthu, ndipo boma lililonse pakhale munthu weniweni wolankhula chinenero chathu woti aone BI n'kutsegula tsiku lomwelo. Ya mayi anga lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi ikadali yotseka.

Mwana wa mlimi,
Ulongwe, Angónia