Kalata kwa mwana wanga wogona m'kalavani ku Upington

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Kuno tonse tadzuka bwino, amayi ako akupereka moni. Zithunzi za kalavani, kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto, imene akupatsa kuntchitoko taziona. Amayi ako akondwera ndi kabedi ndi kasitovu, koma ine maso anga ali pa makoma. Paja nthawi imene ndinkagwira ntchito ya misewu tinkagona m'zinthu zomwezi. Khoma la kalavani ndi lata lopyapyala kunja, kathabwa mkati, pakati pake kasiponji ka zala ziwiri basi. Kunja kukazizira, mkati mumazizira nthawi yomweyo. Kukatentha, mumatentha kuposa kunja.

Tsono ku Upington kumene uliko, ku South Africa, ndi m'mphepete mwa chipululu cha Kalahari. Juni ndi Julayi akubwerawa, masana kumakhala dzuwa labwino, koma m'bandakucha kuzizira kumafika pa digiri 0, nthawi zina kutsika kuposa apo, mpaka madzi a m'ndowa kuundana pamwamba. Chisanu cha ku Dedza chimene unkadandaula nacho uli kusukulu chija n'chochepa.

Ndiyambe ndi chimene chikundisowetsa tulo. Usalowetse mbaula m'kalavani. Ngakhale makala atayaka bwino, utsi utatha, usalowetse. Anzako adzakuuza kuti "timangootha pang'ono kenako n'kutulutsa", koma munthu wotopa ndi ntchito akamva kufunda amagona osadziwa. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru, kenako miyendo kulefuka moti ngakhale chitseko chili pafupi sungachifikire. Chaka chilichonse nyengo yozizira ku Joni kumamveka maliro otere, anthu kupezeka m'mawa ali m'mabulangete ngati akugona. Kalavani ndi yaing'ono kuposa chipinda chilichonse chimene unagonamo, mpweyawo umadzaza msanga. Sitovu ya gasi nayonso si yoothera, ndipo hita ya gasi uzithimitsa usanagone. Mwezi uno usatitumizire ndalama yonse. Yamba wagula ka alamu ka mabatire kolira kakamva mpweya umenewu, ukapachike pafupi ndi pogona.

Udzaona timabowo ta mpweya padenga, pachitseko, ndi tina pansi pafupi ndi sitovu. Kukazizira dzanja limayabwa kuti utitseke ndi sanza. Usatero. Tapansito anatiika chifukwa gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya; akadontha amatsikira pansi, ndipo potulukira pake m'pomwepo. Tam'mwambato n'totulutsa chinyezi. Mpweya umene umapuma usiku wonse uli ndi madzi, ndipo gasi wolemera kilogalamu imodzi akayaka amasiya madzi oposa lita ndi theka m'mpweya. Madzi onsewo akagunda khoma lozizira amasanduka mame. Ukadzuka udzapeza magalasi akuyenderera, ndipo ukatukula matiresi udzapeza thabwa lanyowa, madontho akuda a chuku atayamba m'makona. Chifuwa chosatha chimayambira pamenepo. Choncho m'mawa uliwonse pukuta magalasi, imika matiresi, tsegula mawindo dzuwa likatuluka. Zovala zonyowa uziyanika panja.

Kufunda kwenikweni kusake m'njira zosayaka moto. Miyezi imeneyi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye ngati akulola kutembenuza kalavaniyo, mbali ya mawindo aakulu iyang'ane kumpoto kuti masana ilandire dzuwa. Likamalowa, tseka makatani. Kuzizira kwambiri kumalowera pansi, poti kalavani ili m'malere ndipo mphepo imadutsa kunsi kwake. Yala kapeti kapena makatoni, ndipo mbali yochokera mphepo utchingire kunsiko ndi lona, mbali inayo n'kusiya mpata. Bulangete lina liziyalidwa pansi pako, osangounjika onse pamwamba. Chipewa, masokosi ndi botolo la madzi otentha kumapazi zimagoneka munthu bwino.

Ngati pali magetsi, hita ya magetsi ija yokhala ndi mafuta mkati, yosaonetsa moto, ndiyo yabwino. Ingokumbukira kuti hita ya mawati 2000 imakoka magetsi ambiri, pafupifupi ma ampu 9, ndiye ukayatsa pamodzi ndi ketulo, magetsi adzathima kapena chingwe chidzatentha. Chingwe chachitali uzichitambasula chonse, chopindidwa chimasungunuka. Paipi ya madzi ya panja uzichotsa usiku ndi kuikhutula, chifukwa madzi akaundana amafufuma n'kuing'amba.

Za kutentha uli nayo nthawi, koma ndinenetu. Disembala ndi Januwale kumeneko kumafika madigiri 40, ngati ku Nsanje mvula isanagwe. Mdani wamkulu ndi denga. Ngati palibe mtengo wamthunzi, gula neti yamthunzi imene alimi amaphimbira mbande, uimange pamitengo pamwamba pa dengalo, pakati pakhale mpata woti mphepo izidutsa. Ukaigoneka padenga penipeni sithandiza kwenikweni. Dzuwa lamadzulo ndilo limawotcha koopsa, ndiye mbali yakumadzulo uitchingire, ndipo m'mawindo uike zonyezimira zija amaika pagalasi la galimoto, makamaka kunja kwa galasi kuti dzuwa libwerere lisanalowe.

Kachitseko ka padenga kazikhala kotsegula, pamodzi ndi windo la mbali yamthunzi, kuti mpweya wotentha uzikwera n'kutuluka, wozizirirapo uzilowa. Kuphika kuzichitikira panja. Mphika wa nyemba ukabwata mkatimo sugona. Mpweya wa kumeneko ndi wouma kwambiri, choncho chitenje chonyowa ukachipachika kutsogolo kwa fani chimaziziritsa ndithu, monga mmene mtsuko wa agogo ako umaziziritsira madzi pochita thukuta. Filiji ikakhala ya gasi, imafuna kalavani yoima mowongoka, yosapendekeka, ndipo timabowo take takumbuyo tikhale pamthunzi, apo ayi ndiwo zidzasasa. Silinda ya gasi nayo ikhale panja, choimirira, posawomba dzuwa.

Uzimwa madzi usanamve ludzu. Mkodzo ukayamba kufiira, dziwa kuti thupi likuuma. Ndipo mkazi wako akadzabwera ndi mwana pa Khirisimasi monga mukukonzeramo, mdzukulu wangayo asasiyidwe m'kalavani masana ngakhale atagona tulo tabwino bwanji. Amuyalire mphasa panja pamthunzi.

Ukagula ka alamu kaja unditumizire chithunzi kali pakhoma, amayi ako aone. Upereke moni kwa anzako ogona nawo pamsasapo, ndipo za mbaulazi uwauzenso.

Ndine,
Bambo ako