Musafufute fayilo yomwe Sqoop yakulemberani musanaiwerenge

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi achinyamata omwe akuphunzira za makompyuta, komanso mabwana omwe amawatuma kusamutsa deta yochuluka kuchokera mu database kupita ku Hadoop, dongosolo losungira deta yambiri pa makompyuta ambiri ogwirira ntchito pamodzi. Nkhani yanga ndi ya kafayilo kamodzi komwe ambiri amakafufuta asanakatsegule n'komwe.

Mukalamula Sqoop, pulogalamu yomwe imagwira ntchito yosamutsayi, kuti ikoke tebulo, tinene la makasitomala, kuchokera mu database ya MySQL kapena Oracle, siyamba kukoka nthawi yomweyo. Imayamba yafunsa database kudzera pa JDBC, njira yomwe mapulogalamu a Java amalankhulira ndi database, kuti tebulolo lili ndi makolamu ati, ndipo kolamu iliyonse imasunga zamtundu wanji. Ikamva, imalemba yokha class (kachigawo ka pulogalamu) ya Java ya dzina la tebulolo n'kuimanga mu jar, fayilo yonyamula mapulogalamu a Java. Class imeneyi ndi yomwe mamapper, tizigawo tomwe timagawana ntchito yokokayo, amene amakhala 4 ngati simunasinthe, amagwiritsa ntchito ponyamula mzere uliwonse. Ntchito ikatha, fayilo ya .java imatsala mufoda yomwe munalamuliramo, ndipo anthu amaiyesa zinyalala.

Si zinyalala ayi. M'menemo ndi momwe mwalembedwa zonse zomwe makina akusankhirani osakufunsani. Mitundu ya makolamu ya mu database imasanduka ya Java: VARCHAR imasanduka String, INTEGER imasanduka Integer, DECIMAL imasanduka BigDecimal. Mukaona kolamu ya ndalama yatuluka ngati Double, mtundu womwe susunga madesimali ndendende, dziwani kuti mukamaphatikiza mizere mamiliyoni matambala ayamba kusiyana ndi a m'mabuku a akauntanti. Mukaona nambala ya foni yatuluka ngati Integer kapena Long, ndiye kuti ziro woyambirira wa manambala athu a 088 ndi 099 anatayika kale. Ku Oracle nako, DATE imabwera ngati Timestamp, ndiye kuti tsiku pamodzi ndi nthawi. Zina mwa izi mungazikonze pouza Sqoop mtundu womwe mukufuna ndi --map-column-java, zina n'zokakambirana ndi mwini database, koma simungakonze chomwe simunachione.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'china. Pakampani ina yomwe ndinagwirako ntchito, deta yakale inasungidwa m'mafayilo a Hadoop otchedwa SequenceFile. Mafayilo amtunduwu sadzifotokoza okha: kuti muwawerenge, pamafunika class yomweyo yomwe inawalemba. Patapita nthawi, anzathu osamalira database anawonjezera kolamu pa tebulo lija, monga amachitira aliyense ntchito ikamakula. Sqoop itakokanso, inalemba class yatsopano, ndipo yatsopanoyo sinathe kuwerenga mafayilo akale. Jar yakale inali mu /tmp, foda ya zinthu zosakhalitsa, komwe Sqoop imaika ngati simunaiuze kwina, ndipo seva inali itasesamo kalekale. Deta inalipo yonse, koma inali ngati nkhokwe yodzaza chimanga yomwe khomo lake lamatidwa. Tinachita kufukula mabakapu akale kuti tidziwe momwe tebulolo linalili poyamba, uku mabwana akudikira lipoti.

Njira yopewera zimenezi si yovuta. Pali lamulo la sqoop codegen lomwe limangolemba class osakoka kanthu. Lipatseni dzina ndi --class-name, liuzeni poika ndi --outdir ndi --bindir, werengani zomwe zatuluka, kenaka zisungeni mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya mafayilo, pamodzi ndi tsiku lake. Pokoka, lozani jar yomweyo ndi --jar-file. Ngati mukuyamba kumene, ine ndingasankhe mafayilo a Avro m'malo mwa SequenceFile, chifukwa Avro imanyamula schema yake, ndiye kuti mayina ndi mitundu ya makolamu, mkati mwa fayilo.

Ena anena kuti ndikukamba zakale, ndipo sakunama. Sqoop inayambira ku kampani ya Cloudera mu 2009, inakhala pulojekiti yoima payokha ya bungwe la Apache mu 2012, ndipo mu 2021 inapumitsidwa n'kuikidwa mu Apache Attic, komwe bungweli limaika mapulojekiti omwe asiya kukonzedwa. Koma makina omwe anaimikidwa nayo sanazime chaka chimenecho, ndipo poti palibenso woikonza, kusunga maclass akewo kwafunika kuposa kale. Nayo Spark, pulogalamu ina yogwirira ntchito pa deta yochuluka, ikamawerenga tebulo kudzera pa JDBC, imasankha yokha mitundu ya makolamu, choncho chizolowezi choyang'ana chikufunikabe.

Pempho langa kwa aphunzitsi a m'makoleji athu n'lakuti wophunzira asapatsidwe malikisi onse chifukwa chakuti deta yafika mu HDFS, mosungira mafayilo mwa Hadoop, basi. Atsegule class yomwe yalembedwayo pamaso panu, alozere kolamu ya ndalama ndi ya nambala ya foni, ndipo anene komwe waisunga.

Wolemba mapulogalamu a pakompyuta,
Blantyre