Ndapeza Pojambulira ku Chilomoni

Achimwene,

Muli bwanji ku Johannesburg kumeneko? Kuno tilipo, kungoti chiperoni chatigwira sabata yonse, phiri la Michiru silikuoneka n'komwe.

Munafunsa ngati ndikujambulirabe pakhonde pa amayi ku Ndirande. Ndinachokapo. Mwana wa achemwali anagudubuzira chitini cha penti pachithunzi chomwe ndinachivutikira milungu itatu, ndipo nditayamba kukalipa amayi anangoti, "Pano ndi pakhomo, si pafakitale." Ndinasowa choyankha.

Ndinayamba kusaka m'tauni, poganiza kuti ogula azindiona. Ndinazungulira Ginnery Corner mpaka ku Limbe. Kachipinda koti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri, mwini wake akufuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, ejenti nayenso akufuna yake pongokuonetsa chitseko. Komatu chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, penti ndi maburashi zinakwera zosasewera, pakuti zonse n'zochokera kunja. Ukalipira lendi yotere, ujambula ndi chiyani? Malo oonetsera zithunzi alipo, monga La Caverna ku Mandala House, nyumba yakalekale ija ya 1882. Koma kumeneko umapita ndi chithunzi chouma kale. Pochiumitsira ndiye pamasowa.

Mwayi unabwerera kwa telala wina yemwe ankasokera pakhonde la sitolo. Anamva kuti bambo ena opuma pantchito ku Chilomoni ali ndi galaja yongokhala, galimoto anagulitsa kale, munkagona nkhuku. Tinatengana atatu: ine, telalayo, ndi mnyamata wosema ziboliboli. Lendi timagawana patatu, ndipo tinalemberana ndi bambowo kuti chaka chithe asanakweze. Pamenepa ndinaumirira ine, chifukwa eni nyumba akangoona kuti mwapaka laimu n'kukonza chitseko, mwezi wotsatira mtengo wasintha.

Mkati munali mdima wa ndiweyani. Tinachotsa lata limodzi padenga n'kuikapo loonekera lija, ndiye kuwala kumagwera pathebulo langa penipeni kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 4 koloko. Magetsi akazima sitidandaula: makina a telala ndi opalasa ndi miyendo, wosemayo zida zake ndi sompho ndi tchizulo, ndipo kasola kathu kamakwanira babu limodzi ndi kutchaja mafoni.

Osaganiza kuti sitikangana. Mnzathu wosemayo akayamba kukwecha ndi sandipepala, fumbi lonse limakatera pa penti wanga wosauma, ndipo nyengo ino penti amachedwa kuuma. Nkhope ya mayi wina yomwe ndinkajambula inatuluka ngati wadwala chikuku. Tinakhalirana pansi, pano amakwechera panja pansi pa mtengo wa mango, mvula ikawaza amadikira.

Chomwe sindinachiyembekeze ndi makasitomala a telala. Amakhala pabenchi kudikira kuyesa madiresi, maso ali kukhoma. Mwezi watha mayi wina yemwe anabwera kudzasoketsa yunifolomu ya chinkhoswe anachoka ndi chithunzi changa cha azimayi ogulitsa tomato mumsika wa Limbe. Analipira m'magawo awiri, koma analipira.

Tsono achimwene, wina akamakwera basi yobwera kuno mumupatsireko maburashi ang'onoang'ono ndi penti woyera wa acrylic, machubu awiri okha. Ndikamudikira pa Wenela. Ndalama ndikapereka kwa mayi anu ku Zingwangwa monga mwa nthawi zonse.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa ku Ndirande