Makalaliki athu aphunzitsidwe ma query ndi ma macro

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za makalaliki a m'masukulu apulaiveti ndi m'ma SACCO omwe mwezi ukamatha amaweruka usiku kamba ka lipoti loti kompyuta ikanapanga yokha.

Ine ndimasunga za fizi pa sukulu ina kuno ku Lilongwe nde ndimaona mmene anzanga amavutikira. Teremu ikafika pakati ahedi akuti ndikufuna mayina a ana onse omwe sanamalize fizi, kalaliki amatsegula Excel nkuyamba kutsika mzere umodziumodzi chala chili pa sikirini, kukopera dzina kukaika pa fayilo ina, akangosokoneza mzere umodzi basi mwana oti analipira kale akubwezedwa pa geti, mawa lake kholo latulukira lisiti lili m'manja nkhope ili gwaa. Chonsecho makompyuta ambiri a mu ofesi ali ndi Microsoft Access, pulogalamu yoti inatuluka kalekale mu 1992 koma anthu sayitsegula nkomwe.

Mu Access umapanga query, lomwe ndi funso loti kompyuta ikusankhire zomwe ukufuna mu tebulo, kamodzi kokha. Pansi pa kolamu ya balansi, pa mzere wa Criteria, ukalemba >0, kutanthauza zoposa ziro, nkuseva, yatha. Tsiku lililonse ukaitsegula imakubweretsera okhawo omwe ali ndi ngongole malinga ndi zomwe zalowetsedwa mpaka nthawi imeneyo, ndipo utha kuikonza kuti izikufunsa kalasi, iwe ungolemba Fomu 3 iyo itulutse a Fomu 3 okha. Macro ndi yomwe imalumikiza tintchito totere, kutsegula query, kutulutsa lipoti, kulisandutsa PDF, zonse pa batani limodzi, ukaipatsa dzina loti AutoExec imayamba yokha database ikangotsegulidwa. Ngakhale mu Excel momwemo muli Record Macro pa tabu ya Developer, imajambula zomwe ukuchita mwezi wamawa nkudzazibwereza yokha, sizilira kuti munthu akhale pulogalama ayi.

Koma ziwiri izi zisamaiwalike pophunzitsa. Update query ndi delete query, zomwe zimasintha ndi kufufuta za mu tebulo, zilibe Undo, ukaiwala kuika Criteria imasintha aliyense mu tebulo lonse, ana onse balansi ziro, ndiye uyambe waiyendetsa ngati select query, yongoonetsa osasintha kanthu, uone mayina omwe ikhudze komanso bakapu ikhale ili kale pa flashi. China ndi ma macro obwera pa imelo. Vairasi ya Melissa mu 1999 inafalikira kudzera mu macro ya mu Word, ndipo kuyambira 2022 a Microsoft anayamba kutsekeratu ma macro a m'mafayilo ochokera pa intaneti. Fayilo yosadziwika kochokera ikati Enable Content osathamangira kudina.

Pempho langa lipite kwa eni masukulu a makompyuta ali mbwee m'matauni muno. Mwana amalipira ndalama zambiri za ma package, amatuluka ndi setifiketi yolembedwa Access koma chomwe anapanga ndi tebulo limodzi la mayina asanu. Mpatseni database ya ana 600 yokhala ndi mayina obwerezabwereza ndi madeti olakwika ngati zomwe akazipeze kuntchito, alimbane nayo mpaka lipoti lituluke.

Nanunso mabwana, ena mwa inu mumaona ngati kalaliki akamaliza ntchito msanga ndiye kuti akudya malipiro aulere, nchifukwa chake ena odziwa amangobisa nkumanamizira kutanganidwa. Mpatseni mpata aphunzire, koma mumuuze alembe mu kope kuti query iyi imachita chakuti, macro iyi imakhudza tebulo lakuti, kopelo lizikhala mu ofesi, chifukwa tsiku lomwe adzapeze ntchito kwina wobwera m'malo mwake adzaopa kudina batani lililonse nkubwerera kokopera pamanja.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe